Pier Giorgio Frassati Woyera ndi Bungwe la Akamberembere

Pa 7 Sepitembala 2025, pabwalo la tchalitchi la Petulo Woyera ku Roma, Papa Leo XIV adaika anyamata awiri a ku Italy m'gulu la Oyera. Mmodzi ndi Carlo Acutis, amene achinyamata ambiri akumudziwa kale. Winayo ndi Pier Giorgio Frassati, wophunzira wa pasukulu ya ukachenjede amene adamwalira m'chaka cha 1925 ali ndi zaka 24, digiri yake asanaimalize. Anzake ankamudziwa ngati mnyamata waphokoso, wanthabwala, wokonda macheza ndi maulendo a kumapiri. Mpingo umamukumbukira pa 4 Julaye.

Makolo ambiri akamaperekeza mwana ku koleji amamulangiza kuti asamale ndi magulu, aike mtima pa mabuku. Nkhawa yawo ndi yomveka, poti fizi ndi yodula ndipo ana ambiri adasokonekera chifukwa cha anzawo. Moyo wa Pier Giorgio ukuonetsa mbali ina ya nkhaniyi: zimene zimachitika wophunzira akapeza gulu labwino la Akhristu anzake n'kudzipereka kwa ilo ndi mtima wonse.

Mwana wa pa mwanaalirenji

Pier Giorgio adabadwa pa 6 Epulo 1901, tsiku la Loweruka Loyera, mumzinda wa Turin kumpoto kwa dziko la Italy. Bambo ake, a Alfredo Frassati, adali mwini wake ndiponso mkulu wa nyuzipepala ya La Stampa, imene ikutulukabe mpaka lero. M'chaka cha 1913 adakhala seneta, ndipo mu 1920 boma lidawatuma ku Berlin kukakhala kazembe wa Italy ku Germany. Mayi ake, a Adelaide Ametis, adali katswiri wojambula zithunzi ndi penti. Mnyamatayu adakulira limodzi ndi mlongo wake Luciana, wobadwa mu 1902.

Pakhomopo chuma chidalipo, koma mtendere udali wochepa. Bambo sankalabadira za chipembedzo, ndipo iwo ndi mayi sankamvana. Kusukulu nako Pier Giorgio sadali m'gulu la ana okhoza kwambiri. Atalephera mayeso a Chilatini, makolo ake adamusamutsira ku sukulu ya ansembe a chipani cha Ajezuiti mu 1913. Kumeneko ndi kumene wansembe wina adamulimbikitsa kuti azilandira Ukaristia tsiku ndi tsiku, chinthu chimene ana ambiri a msinkhu wake sankachita masiku amenewo. Chizolowezi chimenechi sadachisiye mpaka imfa yake.

Mu 1918, ali ndi zaka 17, adalowa bungwe la Vincent de Paul Woyera n'kuyamba kuyendera mabanja osauka. Chaka chomwecho adayamba maphunziro a uinjiniya pasukulu ya ukachenjede ya Politecnico ku Turin, ndipo adasankha nthambi ya za migodi. Bambo ake ankayembekeza kuti mwana wawo adzalowa ntchito ya nyuzipepala. Iye ankafuna kudzagwira ntchito pakati pa anthu a m'migodi, amene ankawaona kuti ndi ena mwa antchito ovutika kwambiri.

Gulu la ophunzira Achikatolika

Nthawi imeneyo nkhondo yoyamba ya padziko lonse idali itangotha kumene. Turin udali mzinda wa mafakitale, wodzaza ndi asilikali obwera kunkhondo amene ankasowa ntchito, ndipo antchito ankanyanyala ntchito kawirikawiri. M'sukulu za ukachenjede aphunzitsi ndi ophunzira ambiri ankanyoza Mpingo, moti wophunzira wopita ku Misa ankasekedwa.

Ophunzira Achikatolika adali ndi bungwe lawo la dziko lonse lotchedwa FUCI, limene lidakhazikitsidwa mu 1896. Ku Turin nthambi ya anyamata inkatchedwa Cesare Balbo, ya atsikana Gaetana Agnesi. Pier Giorgio adalowa nthambi ya anyamata mu 1919. Kumalo awo okumanirana ankamvera maphunziro a chikhulupiriro, kukambirana nkhani za dziko, kusewera ndi kucheza. Iye ankamveka asanaoneke: mawu ake adali aakulu, ankaseka mokweza, ndipo ankaimba mwamphamvu ngakhale kuti mawu ake sankagwirizana ndi nyimbo. Adalowanso gulu la ophunzira opembedza Ambuye Yesu mu Ukaristia usiku, ndipo ankakoka anzake kuti apite naye.

Chimene chinkamuvuta m'gululi n'chakuti ophunzira ambiri, pokhala ana a mabanja opeza bwino, ankangocheza okhaokha. Iye ankafuna kuti ophunzira ndi anyamata a m'mafakitale akhale m'bungwe limodzi. Maganizo amenewa anzake sadawavomere, koma iye adapitiriza kupita kumisonkhano ya magulu a antchito Achikatolika, ndipo kumeneko adapeza abwenzi ambiri. Mu 1920 adalowa chipani cha ndale cha Partito Popolare, chimene wansembe Luigi Sturzo adayambitsa potsata chiphunzitso cha Mpingo pa za chilungamo. Mu 1921 adapita ku Ravenna kumsonkhano wa Pax Romana, bungwe logwirizanitsa ophunzira Achikatolika a m'maiko osiyanasiyana, limene lilipobe mpaka lero. Pa 28 Meyi 1922 adalowa m'gulu la akhristu eni ake a chipani cha Adominikani, n'kutenga dzina la Girolamo.

Nkhani ziwiri za mbendera

Mu Sepitembala 1921 achinyamata Achikatolika zikwizikwi adasonkhana ku Roma. Ali pa mdipiti m'misewu, apolisi adawatsekera njira n'kuyamba kuwamenya ndi kulanda mbendera zawo. Mbendera ya Cesare Balbo idang'ambika ndipo mtengo wake udathyoka, koma Pier Giorgio adaigwiritsa osaitaya. Adamangidwa pamodzi ndi anzake. Apolisi atadziwa kuti wagwidwayo ndi mwana wa kazembe, adafuna kumumasula yekha. Iye adakana kutuluka anzake akadali m'manja mwa apolisi.

Patapita zaka ziwiri, mbendera yomweyo idamusiyanitsa ndi gulu lake. Benito Mussolini ndi chipani chake cha Afasisti adatenga boma mu Okutobala 1922, ndipo bambo ake a Pier Giorgio adatula pansi udindo wa ukazembe posafuna kutumikira boma limenelo. Afasisti ankamenya otsutsa, kuphatikizapo ansembe ndi achinyamata a Mpingo. Mussolini atabwera ku Turin mu Okutobala 1923, atsogoleri a Cesare Balbo adatulutsa mbendera ya gulu pomulandira. Pier Giorgio adakwiya kwambiri ndipo adalemba kalata yotuluka m'gululo. Kwa iye, mbendera imene adaivutikira ku Roma sikadayenera kulemekeza munthu amene anyamata ake ankazunza Akhristu. Pambuyo pake adabwerera m'gulu, koma maganizo ake pa za Afasisti sadasinthe. Mu Juni 1924 anyamata a chipanicho adathyola nyumba ya banja la Frassati masana, ndipo Pier Giorgio adalimbana nawo mpaka adathawa.

Nkhani ziwirizi zikuonetsa mmene ankaonera umodzi wa gulu. Sadasiye anzake pamavuto, komanso sadawasekerere pamene adaona kuti alakwa.

Akamberembere

Mzinda wa Turin uli pafupi ndi mapiri a Alps, ndipo Pier Giorgio ankakonda mapiri kuyambira ali mwana. Adali membala wa bungwe la okwera mapiri la Club Alpino Italiano ndiponso la Giovane Montagna, limene Akatolika a ku Turin adayambitsa mu 1914 kuti okonda mapiri asamaphonye Misa ya Lamulungu. Maulendo ambiri a ophunzira a FUCI ankawakonza ndi iye: kufufuza nthawi ya sitima, kusonkhetsa ndalama, kugawa katundu, ndi kuonetsetsa kuti pali tchalitchi kapena wansembe panjira. Zikaoneka kuti ulendo umuphonyetsa Misa ya Lamulungu, ankalolera kutsala. Lamulo la Mpingo la masiku amenewo linkati wofuna kulandira Ukaristia asadye kapena kumwa kanthu kuyambira pakati pa usiku, choncho nthawi zina ankayenda mtunda wautali ndi njala kuti akalandire.

Pa 18 Meyi 1924, ali paulendo ku Pian della Mussa, iye ndi anzake apamtima, anyamata ndi atsikana, adayambitsa kagulu kawo. Adakatcha Società dei Tipi Loschi, kutanthauza bungwe la anthu okayikitsa, kapena kuti akamberembere. Dzinali lidali nthabwala, ndipo zambiri za kaguluka zidali nthabwala. Adalemba malamulo oseketsa, adagawana maudindo akuluakulu, n'kumatumizirana zikalata zolembedwa ngati za boma. Upulezidenti ndi ulembi adapatsa atsikana. Pier Giorgio adadzitcha Robespierre, dzina la mtsogoleri woopsa wa nthawi ya kuukira boma ku France, ndipo iye ndi bwenzi lake Marco Beltramo adapanga nthambi ya zoopseza, imene ntchito yake idali kuchita anzawo zachipongwe zoseketsa. Mwambi wa gululi unkawayerekeza ndi makaroni: ochepa koma okoma.

Pansi pa nthabwala zonsezi padali pangano lenileni, loti azipemphererana. Paulendo ankapemphera kolona, madzulo ankapemphera limodzi asanagone, ndipo akafika pamwamba pa phiri ankakumbukira anthu amene adafera m'mapiri. Anzake adachitira umboni za mmene ankasamalira ofooka. Akaona kuti wina watopa, ankadandaula kuti iye ndi amene phazi likumupweteka ndipo ankapempha kuti onse apume, kuti wotopayo asachite manyazi. Ankanyamula zikwama za ena, ndipo mnzake akasowa ndalama ya ulendo ankamulipirira mwakachetechete. Ngakhale adali mwana wa munthu wolemera, ankakwera sitima m'chipinda chotsika mtengo kwambiri.

Pier Giorgio ankadziwa kuti macheza a pasukulu ali ndi malire. Anzake adayamba kumaliza maphunziro ndi kubalalika. Marco Beltramo adapita kumzinda wina kukaphunzira usilikali wa ndege. Mu Januwale 1925 Pier Giorgio adalembera mnzake Isidoro Bonini kuti akufuna pangano limene mtunda kapena nthawi sizingalithetse, ndipo pangano lotero ndi umodzi wa m'pemphero. Makalata ake ambiri kwa anzakewa adasungidwa. Muli nthabwala, nkhani za mayeso ndi za mapiri, komanso amawapempha mobwerezabwereza kuti amupempherere, chifukwa ankadziona kuti ndi wofooka. Ankadandaulanso za kuchedwa kwake pa maphunziro, ndipo m'chaka chake chomaliza adayesetsa kuchepetsa zina kuti amalize mayeso.

Gulu silidamulepheretse kuona osauka. Lachisanu lililonse ankayenda ndi anzake a bungwe la Vincent de Paul m'nyumba za anthu ovutika, atanyamula chakudya, malasha otenthetsera nyumba, zovala ndi mankhwala. Ankafunira anthu ntchito, kuperekeza odwala kuchipatala, ndi kukankha ngolo ya katundu wa mabanja othamangitsidwa m'nyumba za lendi. Bambo ake sankamupatsa ndalama zambiri, choncho kawirikawiri ankapereka ndalama yake yokwerera n'kuthamanga wapansi kuti akapeze chakudya cha kunyumba. Akafika mochedwa ankadzudzulidwa, ndipo sankafotokoza kumene adali. Makolo ake ankangomuona ngati mwana wosasunga nthawi, wochedwa kumaliza sukulu.

Chikondi chimene sadachiulule

Mlembi wa Akamberembere adali Laura Hidalgo, mtsikana wamasiye amene ankaphunzira masamu. Pier Giorgio adamudziwa mu 1923 paulendo wa kumapiri, ndipo adamukonda. Adazindikira kuti makolo ake sakadamulandira mtsikanayu chifukwa sadali wa banja lotchuka. Nthawi yomweyo ukwati wa makolo akewo udali pafupi kutha. Iye adaona kuti kuumirira pa chikondi chake kukadagwetseratu nyumba imene idali kale yogwedezeka. Adasankha kukhala chete. Adauza mlongo wake Luciana ndi anzake ochepa, koma Laura sadamuuze, pofuna kuti asamusokoneze mtima ndi chinthu chimene sichikadatheka. Adapitiriza kumulemekeza ngati mnzake wa m'gulu.

Chisankho chimenechi chidamupweteka kwambiri, monga makalata ake akuonetsera. Mu Januwale 1925 Luciana adakwatiwa ndi Jan Gawroński, wa ku Poland wogwira ntchito za ukazembe, n'kuchoka m'dziko la Italy. Pier Giorgio adatsala yekha pakati pa makolo osamvana. Anzake ambiri ankangoona mnyamata wosangalala uja, osadziwa zimene adasenza mumtima.

Sabata yomaliza

Pa 7 Juni 1925 adakwera phiri komaliza m'chigwa cha Lanzo. Pachithunzi chimene adamujambula tsiku limenelo, akukwera thanthwe maso ali kumwamba, adalembapo mawu awiri a Chitaliyana onena za kulinga kumwamba. Chithunzichi ndi chimene chimaoneka kwambiri masiku ano m'mabuku onena za iye.

Kumapeto kwa mwezi womwewo adayamba kumva mutu, msana ndi kutentha thupi. M'nyumbamo agogo ake aakazi adali kudwala mwakayakaya, ndipo aliyense adali kuyang'ana kwa iwo. Pier Giorgio sadafune kuwonjezera mavuto, choncho adabisa ululu wake, ngakhale kuti nthawi zina ankagwa poyenda kupita kuchipinda cha agogowo. Agogo adamwalira pa 1 Julaye. Pamene banja linkazindikira kuti mnyamatayu akudwala kwambiri, miyendo yake idali itafa kale. Madokotala adapeza kuti ndi poliyo, matenda amene ambiri amakhulupirira kuti adawatengera m'nyumba za odwala amene ankawayendera.

Pa 3 Julaye lidali Lachisanu, tsiku lake loyendera osauka. Adapempha kuti amutengere zimene zidali m'thumba la jekete lake: kabokosi ka mankhwala a jakisoni ndi chiphaso cha katundu wa munthu wina amene adali pa pinyolo. Ndi dzanja lofa kale mbali ina, adalemba kakalata kovuta kuwerenga kopita kwa mnzake wa bungwe la Vincent de Paul, komuuza mwini mankhwalawo ndi komupempha kuti akawonjezere nthawi ya pinyoloyo pa dzina lake. Adamwalira madzulo a Loweruka pa 4 Julaye 1925, atalandira masakramenti. Adali atatsala ndi mayeso awiri okha kuti akhale injiniya.

Maliro adachitika pa 6 Julaye ku parishi ya kwawo ya Crocetta. Banja linkayembekeza akuluakulu a boma ndi a nyuzipepala, ndipo adabweradi. Koma misewu idadzaza ndi anthu zikwizikwi amene banjalo silinkawadziwa: osauka, okalamba, antchito a m'mafakitale, amayi ndi ana awo. Ambiri mwa iwo adadziwa tsiku lomwelo kuti mnyamata amene ankawabweretsera mankhwala ndi malasha adali mwana wa seneta. Anzake a pasukulu ndi amene adanyamula bokosi lake. Makolo ake adamudziwa bwino mwana wawo atamwalira kale, ndipo ukwati wawo sudathe.

Pambuyo pa imfa yake

Anzake ndi mlongo wake Luciana, amene adamwalira mu 2007 ali ndi zaka 105, adasonkhanitsa makalata ake ndi maumboni a anthu amene adamudziwa. Magulu ambiri a achinyamata ku Italy ndi kumaiko ena adatenga dzina lake. Mpingo udayamba kufufuza za moyo wake mu 1932. Ku Poland, mnyamata wina dzina lake Karol Wojtyła adamva mbiri yake, ndipo atakhala wansembe nayenso ankayenda ndi ophunzira m'mapiri ndi m'mitsinje, kuchita nawo Misa ndi kukambirana nawo za moyo. Mu 1977, ali Kadinala wa ku Kraków, adatcha Pier Giorgio munthu wa Madalitso asanu ndi atatu, aja amene Ambuye Yesu adaphunzitsa paphiri pa Mateyo 5. Atakhala Papa John Paul II, adamuika m'gulu la Odala pa 20 Meyi 1990.

Manda ake ku Pollone, kumudzi kwa mayi ake, adatsegulidwa mu 1981 ndipo thupi lake lidapezeka lisanaole. Tsopano lili m'tchalitchi lalikulu la ku Turin. Lidatengedwa kupita ku misonkhano ya achinyamata a padziko lonse ku Sydney mu 2008 ndi ku Kraków mu 2016. Sukulu yake ya Politecnico idamupatsa digiri ija mu 2001, patatha zaka 100 chibadwire chake.

Kwa ophunzira ndi makolo

M'makoleji ndi m'sukulu za ukachenjede muli magulu a ophunzira Achikatolika amene ali ndi kwaya, maulendo, mpira, maphwando olandira a chaka choyamba ndi otsanzikana ndi omaliza. Ena amaona zimenezi ngati kutaya nthawi, ena amangotsata zosangalatsazo osalowa m'tchalitchi. Akamberembere a ku Turin adali ndi zonse ziwiri, ndipo china chinkalimbitsa chinzake. Mnyamata amene sakadabwera ku mapemphero ankabwera paulendo, ndipo paulendopo ankapeza Misa ndi kolona. Amene adabwera chifukwa cha mapemphero ankapeza anzake omudziwa dzina, omufunsa akasowa.

Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama. Wophunzira wa chaka choyamba amene wachoka kwawo koyamba, ndalama zamuthera pakati pa temu ndipo akuchita manyazi kunena, amafuna anzake onga Pier Giorgio, amene amaona wotopa asananene yekha. Atsogoleri a magulu a ophunzira angadzifunse ngati ulendo umene akukonza uli ndi malo a Misa, ngati pali njira yoti wopanda ndalama apite nawo popanda kuchititsidwa manyazi, ndiponso ngati gulu lawo limadziwa khomo la wodwala kapena wokalamba mmodzi kunja kwa mpanda wa sukulu.

Makolo nawo ali ndi chotolapo. A Alfredo ndi a Adelaide adakhala ndi mwana wawo zaka 24 m'nyumba imodzi, akumudzudzula pa za kuchedwa ndi mayeso, osadziwa kumene ankapita Lachisanu. Mwana akabwera ku holide, funso la mmene mayeso adayendera ndi loyenera. Ndi bwinonso kumufunsa za anzake, kumene amapemphera, ndi zimene gulu lake limachita, ndipo ngati kungatheke kumutenga ku mphakati kapena kokaona odwala pamodzi ndi a bungwe la Vincent de Paul.

Pier Giorgio Frassati Woyera, mupempherere ophunzira onse.